Phewa Lamanja la Aphunzitsi a Mtambalika

A Lenadi Chagunda anandipeza Lachinayi masana ndikukhoma mabenchi ogwedera m'tchalitchi mwathu ku Balaka. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo anthu amabwera kwa ine ndi zambiri, koma iwo sanayambe ndi kupempha pemphero. Anangoti ndikhale pansi ndimve, ndisawadule mawu, ndisawaseke. Ndinaika hamala pansi. Zimene ndalemba pano ndi zimene anandiuza iwo, ndi zina zimene anawonjezera akazi awo, mayi Emelesi, nditapita kwawo mawa lake. Pamene awiriwa anasiyana mawu ndinena. Ine kuchigwembe kumene zinachitikirako sindinafikeko, ndipo ndapempha Mulungu kuti ndisakometse kanthu.

Bambo awo a mayi Emelesi ndi aphunzitsi a Zefaniya Mtambalika, amene anapuma ntchito kalekale. Chaka chatha maso awo onse awiri anachita ng'ala. Munthu ankamuona ngati chithunzithunzi chabe, nyuzipepala anaisiya, Baibulo ankachita kuwawerengera. Madokotala a maso ochokera kunja amabwera kamodzi pachaka pachipatala china cha mishoni, kumapiri a chigawo chapakati, ndipo amakhala sabata imodzi yokha. Kalata yawo inanena momveka bwino kuti wodwala akalembetse dzina Lolemba isanakwane folo koloko madzulo. Wochedwa adikire chaka chinacho.

A Lenadi ndi munthu wa wotchi. Anapempha tchuthi kuntchito, anasintha matayala awiri, ananyamuka ndi akazi awo ndi apongozi awowo kusanache bwino. Pofika teni koloko anali atatsala ndi ulendo wa maola awiri okha, ndipo akuti anali atayamba kale kudzitama m'galimotomo kuti mkamwini wosunga nthawi ngati iwo m'banjamo mulibe. Apo n'kuti akuwoloka kamlatho kena. Aphunzitsi anamva kugunda kwa matayala nafunsa dzina la mtsinje. Mayi Emelesi anawerenga chikwangwani kuti ndi Namilulu.

Aphunzitsi anati galimoto iime.

Anafotokoza kuti kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anaphunzitsa ana a sitandade sikisi za mathithi atatu a m'chigwembe cha Namilulu. Ankawajambula pabolodi ndi choko potengera kachithunzi ka m'buku, ankakwapula ana osokoneza oyamba ndi achiwiri, koma iwo eni sanawaonepo. Tsopano akupita kukagona pansi pa mpeni. Ngati mpeniwo ukalakwe, adzafa osaona ngakhale kuyera kwa madziwo.

A Lenadi anayankha mwaulemu kuti adzaima pobwerera, maso ali bwino, adzaone chilichonse mpaka nkhanu.

"Akamwini," anatero aphunzitsi, "madokotalawo mwalankhula nawo? Akutsimikizirani?"

Mkamwini satsutsa apongozi kawiri. A Lenadi anayang'ana akazi awo kuti awathandize, koma akaziwo anali atapeza choyang'ana kunja kwa zenera. Anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango.

Pamtengopo panali mayi wina wogulitsa nthochi. Anawauza kuti njira imatsika chakumanzere, imadutsa mathithi onse atatu, ndipo imatulukira pomwepo chakumanja. Munthu wa miyendo amayenda ola limodzi, agogo ngati amenewo mwina awiri. Kenako anayang'ana chipewa chofiira chimene a Lenadi anavala nafunsa ngati atsikira nacho. A Lenadi anamuseka kuti ngati wachikonda asinthane ndi phava la nthochi. Mayiyo sanaseke. Anayamba kulonga nthochi zake mudengu, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. A Lenadi anawerengetsa mumtima kuti thwelofu adzakhala atatuluka, thuu koloko ali pachipatala, ndipo anatsika.

Mathithi oyamba anawafikira bwino. Madzi amagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe lakuda, namwazika ngati ufa wopetedwa pamphepo. Aphunzitsi anati akuona choyera chachitali, nayang'anitsa nkhope yawo komweko mpaka ndevu zinanyowa. Anatchula kutalika kwake pamtima monga ankachitira m'kalasi. A Lenadi anavomera kwa ine kuti nawonso mtima unawatsika pang'ono, mpaka anajambula zithunzi.

Kupitirira apo njira imatsika pathanthwe loongoka, pamakwerero a mitengo okhomedwa ndi misomali. Kutsitsa nkhalamba yosaona pamenepo kunawatengera nthawi yaitali, a Lenadi ali pansi kugwira mapazi ndi kuwaika pamtengo uliwonse, mayi Emelesi ali pamwamba kugwira kolala ya jekete. Atafika pansi onse atatu anapeza masamba.

Zinali nthambi zinayi zoyalidwa mopingasa njira. Tonse tikudziwa tanthauzo lake. Ukapeza masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, wachipewa amavula, mpaka atadutsa masamba achiwiri. Koma muno munali m'chigwembe. Kumanja kunali khoma la mwala lofika kumwamba, kumanzere phompho ndi mtsinje pansi pake. Mudzi kunalibe, ngakhale munda. Aphunzitsi anakhudza nthambizo ndi ndodo yawo, nafunsa ngati ndi zimene akuganiza, navula chipewa chawo.

A Lenadi anati ndi anyani athyola. Akazi awo anawerama naona kuti nthambizo zadulidwa ndi chitsulo chakuthwa, utomoni ukudontha.

"Anyani a kuno amayenda ndi zikwanje, bambo a Yamiko?"

"Ndiye tigone pano chifukwa cha masamba?"

Apa ndi pamene awiriwa amasiyana. Mayi Emelesi akuti amuna awo anamenya nthambi imodzi ndi phazi n'kuigwetsera kumtsinje. A Lenadi akuti inangowakola mwendo. Chimene onse akuvomereza n'chakuti anadutsa chipewa chili kumutu.

Njira inachepa moti anthu awiri sakanayenda moyandikana. Aphunzitsi anatsogola ndi ndodo, mwana wawo atagwira jekete kumbuyo, a Lenadi pamapeto. Posakhalitsa aphunzitsi anayamba kuyenda mwachilendo. Amaponda kamodzi, n'kudikira, n'kupondanso. A Lenadi anafunsa ngati atopa kuti awabereke. Aphunzitsi anati sanatope.

"Sitingawapitirire," anatero.

"Ndani, bambo?"

"Anthu ali patsogolowa."

Patsogolo panali njira yopanda kanthu, yooneka bwino mpaka pokhotera. Aphunzitsi anati iwo akuwaona monga ankaonera munthu aliyense masiku amenewo, zithunzithunzi zoyenda, osasiyana ndi mmene akuonera mwana wawo. Anati ndi ambiri, ndipo apakati asenza kanthu pamapewa. Kaya ndi bokosi kaya ndi chithatha sanathe kuzindikira.

A Lenadi anaganiza kuti ndi ng'ala ikusewera ndi nthunzi ya madzi, ndipo ananena zomwezo mokweza kuti akazi awo amve. Anayenda motero, phazi limodzi, kudikira, phazi lina. Mphepo itatembenuka inabweretsa fungo la matabwa ongopalidwa kumene. Pokhotera anapeza makasu atatu otsamira khoma, mipini yake yosalala chifukwa cha manja, kumaso kwake kuli dothi lofiira lonyowa. M'chigwembe monsemo muli miyala ndi mchenga wotuwa basi. Mayi Emelesi anadutsa makasuwo atayang'ana kumbali. A Lenadi anati ndi a anthu okonza njira, ndipo anawonjeza kuti anthu okonza njira a masiku ano ndi aulesi, amasiya zida paliponse.

Nyimbo anayamba kuimva ndi mayi Emelesi. Akuti inkachokera pansi pa phokoso la madzi. Chuni chake chinali ngati cha nyimbo ya m'buku imene amaidziwa, koma akati aigwire inkawapulumuka, ndipo mawu ake sankamveka. Inkaimbidwa mochedwa kuposa mmene amaimbira ngakhale amayi okalamba a kumudzi. Anafunsa amuna awo ngati akumva. A Lenadi anati akumva madzi. Kwa ine, m'tchalitchi muja, anaulula kuti anaimva bwinobwino, mpaka mawu a besi, koma anaona kuti akavomera ndiye kuti folo koloko yapita.

Thwelofu inawakwanira ali pamathithi achiwiri, amene amagwa magawo awiri ngati masitepe n'kuthera m'dziwe lobiriwira. Apo aphunzitsi anaima chiimire, chipewa chili pachifuwa. Anati anthu aja atula pansi, wina akulankhula. A Lenadi anakhala pamwala, anaimirira, anakhalanso. Anatulutsa foni, netiweki kunalibe. Anayang'ana wotchi mphindi khumi zitatha, kenako makumi awiri, kenako makumi anayi. Ananena kuti ngakhale abusa athu, amene amadziwika ndi ulaliki wautali, akanakhala atamaliza. Palibe anaseka.

Kenako anati basi, abwerere njira yomwe anadzera, makwerero aja adzaona mmene achitire. Aphunzitsi anayankha osatembenuka kuti kumbuyo kuli amayi operekeza maliro. A Lenadi anatembenuka dala nayenda mapazi khumi. Akuti njira inali yoyera, dzuwa likuwala pamiyala, koma mpweya unali ngati wa m'basi yodzaza. Munali fungo la thukuta ndi la zitenje zogonera pautsi. Anamva masilipasi akukhwekhwereza pamwala, wina akutsokomola chapafupi ndi khutu lawo, ndi kakhanda kakuchita ntchirikitiko kumsana kwa munthu amene panalibe. Pathanthwe louma patsogolo pawo panaoneka phazi lonyowa lopanda nsapato, n'kuyamba kuuma. Anabwerera.

Atafika anapeza akazi awo atatulutsa chitenje m'chikwama, amanga pamwamba pa thalauzi, mpango uli kumutu. Akuti chimene chinawapsetsa mtima kwambiri tsiku lonselo ndi chimenecho.

"Nanunso, mayi a Yamiko?"

"Vulani chipewacho."

"Ndivulire miyala?"

Ulendo unayambanso, mochedwa kuposa poyamba. Njira inakwera, inatsika, inadutsa pamizu yoterera. Wani koloko inadutsa. A Lenadi anayamba kulankhula okha kumbuyoko, kuwerenga zimene anachita kuti tsikuli litheke: masiku a tchuthi amene anakanganira ndi abwana awo, mafomu amene anayendera katatu, kudzuka usiku. Potsiriza analankhula ndi apongozi awo mawu amene akuti mpaka lero amawachititsa manyazi.

"Bambo, maso ndi anu, si anga. Thuu koloko ikatipeza muno, chaka chino mwaphonya."

"Ndikudziwa, akamwini. Ndikufuna kuona kuposa mmene inu mukufunira kuti ndione. Koma ine ndaika anthu ambiri, ndipo sindinapitirirepo maliro panjira."

Itatsala pang'ono thuu koloko anafika pamene njira inatambasuka pang'ono. A Lenadi anaganiza zoti adutse apongozi awo, ayende msanga mpaka pokhotera, abwerere, aonetse kuti palibe chilichonse, kenako abereke nkhalambayo kumsana ifune isafune. Anadzera mbali ya kumtsinje. Akazi awo anawagwira malaya koma anapulumuka. Anayenda mwamphamvu, dzanja lamanja atalitambasula patsogolo, akukankha mphepo monyoza kuti apongozi awo aone.

Dzanjalo linagunda phewa la munthu.

Akuti linali phewa lenileni, la fupa, lovala nsalu yonyowa. Ndipo inu amene munapitapo kumanda mukudziwa mmene amuna timachitira. Bokosi silitulidwa munthu akatopa. Mnzako amachokera kumbuyo, amakugwira paphewa, iwe umachokapo, iye n'kulowa pamalo pako. Phewa lija linachoka pansi pa dzanja lawo, ndipo cholemera chinatsikira paphewa lawo lamanja.

Chinali ndi m'mphepete mwa thabwa, mozizira, modula mnofu. Dzanja lawo linakwera lokha kukachigwira. Miyendo yawo inatenga mayendedwe a anthu aja, phazi limodzi, kudikira, phazi lina, ndipo sanathe kufulumira kapena kuima. Chipewa chinachoka kumutu kwawo. Akuti sinali mphepo, chinachotsedwa bwinobwino monga amachitira mkulu kwa mwana wosamva. Mayi Emelesi akuti iwo anangoona amuna awo atapendekera, dzanja lili m'mwamba litagwira mpweya, malaya paphewa atalowa mkati ngati pakanikizidwa ndi chinthu.

Anayenda nacho kupitirira ola. Ankamva katunduyo akugwedezeka pamene ena kutsogolo ndi kumbuyo ankalandirana, kawiri, katatu, kakhumi. Kwa iwo sikunabwere munthu. Anayesa kutsitsa phewa kuti chigwe, koma chinangotsika nawo. Anaitana akazi awo. Mayi Emelesi anali akulira, ndipo anandiuza kuti chibadwire sanaonepo mkazi akulowa pansi pa bokosi. A Lenadi akuti sanapemphere. Ankangoyang'ana wotchi padzanja lamanzere, firii koloko, kota pasiti, hafu pasiti, akutukwana mumtima mayi wa nthochi, buku la sitandade sikisi ndi munthu amene anaika chikwangwani pamlatho.

Kenako njira inachepanso, ndipo iwo anali mbali ya kuphompho. Timiyala tinkachoka pansi pa nsapato zawo n'kugwa nthawi yaitali tisanamveke m'madzi. Aphunzitsi sankaona zimenezo, koma anamva kupuma kwa mkamwini wawo. Anapereka ndodo ndi chipewa kwa mwana wawo, nayenda chopapasa khoma mpaka anapeza msana wa a Lenadi. Anakweza dzanja nawagwira paphewa.

"Chokanipo, akamwini. Muli ndi ana aang'ono."

Apa a Lenadi anayang'ana hamala yanga pansi. Kenako anati anayenera kukana. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, wosaona. Koma anachokapo msanga ngati mwana amene walandiridwa mtolo wa nkhuni, nakhala pansi n'kumapuma.

Mathithi achitatu ndiwo aakulu. Amagwa kuchokera kutali kwambiri moti madzi amafika pansi atasanduka utsi, ndipo phokoso lake limamveka m'chifuwa. Aphunzitsi anawadutsa mutu uli pansi, akuyang'ana mapazi awo. Mwana wawo anawauza kuti ndi amenewa, bambo, achitatu aja. Sanadzutse nkhope.

Kuchokera apo njira imakwera chitunda mpaka kumsewu. Folo koloko inawakwanira ali pakati pa chitundacho, ndipo a Lenadi anavula wotchi n'kuiika m'thumba. Masamba achiwiri anawapeza itapitirira faifi, galimoto ikuoneka poteropo. Nyimbo inaduka pakati pa mzere. Fungo la matabwa linatha, mbalame zinayamba kulira, ndipo apo m'pamene anazindikira kuti tsiku lonse sanamve mbalame. Aphunzitsi anaima kutsogolo kwa masambawo, dzanja lili m'mwamba, nadikira. Anadikira nthawi yaitali.

"Emelesi, pali amene akubwera kumbuyo kwangaku?"

"Palibe, bambo."

"Ndi kutsogolo komwe palibe. Onse apita."

Anadutsa masambawo chopendekera. Mayi wa nthochi panalibe. M'galimoto aphunzitsi analowa cham'mbali, mosamala ngati munthu wolowetsa thabwa lalitali pakhomo, nakhala mpando wakumbuyo okha. A Lenadi akuti galimoto imene m'mawa inkakwera mapiri mosavuta inafuna giya yoyamba pachitunda chilichonse. Pachipatala anafika kutada. Namwino anawalandira bwino, koma mndandanda unali utadzaza, ena atabwezedwa kale. Analemba dzina la aphunzitsi pa chaka chamawa. Anayang'ananso phewalo, sanapeze chotupa kapena bala, nawapatsa mankhwala opaka.

Chiyambire tsiku limenelo aphunzitsi sanagonepo pansi. Ankagona chokhala pampando, dzanja lamanja lili paphewa. Mpandowo anauika kukhoma, ndipo adzukulu awo akayandikira kumbuyo ankawakalipira, munthu amene kale ankawabereka. Pofika mwezi wa Febuluwale ngakhale zithunzithunzi zija zinazimirira. Ine ndinkapita kukawaona mwezi ndi mwezi, ndinkaona kupendekerako, ndipo ndinkapempherera nyamakazi. Palibe anandiuza kanthu.

Chimene chinabweretsa a Lenadi kwa ine Lachinayi lija n'chakuti kalata ina inali itafika. Madokotala abweranso, dzina la aphunzitsi lili poyamba penipeni, Lolemba likudzali. Koma kalatayo inanena kuti wodwala ayenera kugona chagada pabedi, osagwedezeka, kwa theka la ola. Atawawerengera, aphunzitsi anati aing'ambe. Anati munthu sagona pansi atasenza mnzake, ndipo mdima auzolowera.

"Chaka chonse ndakhala ndikukwiya," anatero a Lenadi. "Ndakwiyira iwo chifukwa choimitsa galimoto, ndakwiyira mayi a Yamiko, ndakwiyira anthu amene sindinawaone n'komwe. Ife tinawalakwira chiyani? Tinkangodutsa. A mkulu a mpingo, ndiwalandire?"

Ndinawawerengera Salimo, tinapemphera, ndinati Mulungu awatsogolere, mawu amene timanena tikasowa chonena. Mawa lake ndinafunsa mayi Emelesi maganizo awo. Anati ali ndi bambo mmodzi ndi mwamuna mmodzi, ndisawafunse.

Za Lolembalo ndinamva kwa mayi Emelesi. Aphunzitsi anavomera kupita pokhapokha atawanamiza kuti madokotala akangowayeza ali chokhala. Panjira, pakamlatho paja, galimoto sinaime. Kuchipatala anakhala pabenchi msana uli kukhoma, monga mwa masiku onse. Namwino ataitana dzina lawo anaimirira, ndipo kuti afike pakhomo anayenera kusiya khomalo mapazi asanu ndi limodzi. A Lenadi anali atavula nsapato kuti asamveke. Anachokera kumbuyo nawagwira paphewa.

"Mwandichita chiwembu, akamwini," anatero aphunzitsi.

Koma dzanja lawo linali litagwa kale. Anaongoka pang'onopang'ono, msana ukulira, ndipo atawagoneka pabedi anagona tulo jekeseni asanawabaye. Madokotala anachita kuwadzutsa.

Lero aphunzitsi a Mtambalika amawerenga okha Baibulo la zilembo zing'onozing'ono. Tsiku limene anawamasula bandeji, munthu woyamba kumufunafuna m'chipindamo anali mkamwini wawo. Anamupeza ataima pakona, atapendekera kumanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka namwino anawakumbutsa kuti disolo silifuna misozi. Aphunzitsi anayesapo kawiri kuwazembera kumbuyo kuti awalandire, koma a Lenadi ndi munthu wopenya, ndipo nawonso tsopano amakhala msana uli kukhoma.

Galimoto amayendetsa ndi mayi Emelesi. Lamulungu a Lenadi amalowa m'tchalitchi cham'mbali n'kukhala benchi yomaliza. Ine chizolowezi changa n'chakuti ndikamapempherera munthu ndimamuika dzanja paphewa, ndipo mpingo wonse umadziwa zimenezo. Lamulungu lathali anthu atatuluka a Lenadi anandipempha pemphero. Ndinaima pambali pawo. Ana anga onse ndi akuluakulu, mayi a kunyumba anatsogola zaka zinayi zapitazo, ndipo msana wanga ukadali wolimba. Zonsezi ndinaziganiza dzanja langa likukwera. Kenako ndinalibweza, ndi kugwira Baibulo ndi manja awiri mpaka pa ameni.

Nditatsegula maso ndinapeza a Lenadi akundiyang'ana. Sanatseke maso awo.

"Musadandaule, a mkulu a mpingo," anatero. "Nanenso ndikanatero."

Anaimirira mosamala natuluka cham'mbali. Ine ndinatsala m'tchalitchimo, ndipo ndinapempheranso, ulendo uno podzipempherera ndekha.